Firiji Yobwereka

"Pondani bwinobwino, sahib, bwana wanga, musaope, kapetiyo ndi ya ku Iran!" anatero a Khuda Bakhsh, telala wa kuseri kwa msika wa ku Shujabad, akumukokera mlendo wawo pa sofa. Mlendoyo anali Taimur, mnyamata wa magalasi amene koleji ina ya ku Lahore, ija imakana ana ambiri kuposa amene imatenga, inamutuma kudzaona ngati mwana wa telalayo, Shumaila, anali woyenera kuphunzira osalipira kalikonse.

A Khuda Bakhsh ankadziwa chinthu chimodzi: anthu akamabwera kudzaona mwana wamkazi, nyumba siikhala yamaliseche. Choncho dzulo lake anachita zomwe aliyense amachita akamadikira apongozi. Anapita kwa Haji Rab Nawaz, mwini sitolo ya feteleza, nabwereka katundu. Shumaila analira kuti asatero, koma anamuuza kuti za alendo azisiyire akuluakulu. Tsopano mtsikanayo anali kuseri kwa katani, akumva zonse.

"Ya ku Iran," anabwereza Taimur, naijambula ndi foni. "Ndi yanu, Chacha?" anafunsa, akuwatchula ndi dzina laulemu loitanira akuluakulu.

"Mwaiponda m'nyumba mwa ndani?"

"Mwanu."

"Nanga mukufunsiranji? Imwani tiyi."

Taimur anamwa, naloza pakona. "Firiji iyo?"

"Ya zitseko ziwiri," anatero telalayo, akuisisita ngati mwana wa ng'ombe.

"Bwanji siikulira?"

"Ikupuma. Firiji zabwino zimapuma masana."

"Firiji imodzi, yopuma," anatero Taimur, akulemba pafoni.

Kuseri kwa katani kunamveka kutsokomola kwamphamvu.

"Muli wodwala m'nyumba muno, Chacha? Ngati alipo, zimathandiza."

"Kudwala kumathandiza? Inu a ku Lahore! Muno mulibe wodwala. Ameneyo ndi mwanayo, manyazi. Tsono tandiuzani, kwanuko adzaphunzira chiyani?"

"Pang'ono pa chilichonse. Mbiri, masamu, zilankhulo, maganizo a anthu akale."

"Ndiye adzatuluka dokotala?"

"Ayi. Adzatuluka munthu woganiza."

"Aaa! Amaganiza kale ameneyo, mpaka mitu imatipweteka. Chabwino, mutengeni. Mwaona nokha nyumba imene akuchokera."

"Ndicho ndabwerera," anatero Taimur, akukonza magalasi. "Mwana wanu anakhoza mayeso, zokambirana nazonso anakhoza. Koleji yathu siifuna ana a mabwana a ku Lahore okhaokha. Tikufuna a zigawo zonse, a zilankhulo zonse, ndiponso ochokera m'mabanja osowa."

"Osowa!" A Khuda Bakhsh anagwetsa kapu pambale. "Wakuuzani ndani kuti muno muli wosowa?"

"Palibe. Ndikungofunsa."

"Tayang'anani pazenerapo. Mukuona chiyani?"

"Njati yamkaka, yonenepa."

"Nanga pafupi nayo?"

"Njinga yamoto."

"Ndiye wosowa ali kuti?"

"Palibe, Chacha. Mwandithandiza." Taimur anajambula njati, najambula njinga, najambula wailesi yakanema imene inali pamwamba pa bokosi, chingwe chake chikulendewera ngati mchira. "Ndikanena kuti banja lanu lili bwino."

"Mukanene mokweza!"

"Ndipo mwana wanu alowe, koma azilipira yekha."

"Azi... chiyani?"

"Azilipira. Sizovuta kwa inu. Chaka chimodzi ndi ngati njati zisanu zotere."

Kuseri kwa katani poto anagwa, chivundikiro chake chinazungulira pansi mpaka chinatulukira poyera n'kudzagona pa kapeti ya ku Iran.

A Khuda Bakhsh anayang'ana njati ija pazenera. Njati zisanu! Iwo mphaka yemwe analibe. Koma munthu angamuuze bwanji mlendo kuti mpando umene wakhalira ndi wa eni, tiyi ali m'kamwa? Abambo awo sanachitepo zimenezo, agogo awo sanachitepo. Anaweramira chivundikirocho, nachikankhira kuseri kwa katani ndi phazi.

"Tilipira," anatero ndi mawu aang'ono. "Tengani mango."

"Zikomo. Musadandaule, Chacha, malo aulerewo sawonongeka. M'dera lino tinaika amodzi okha, ndipo mwini wake ndamupeza kale. Kuli mnyamata wina tsidya la ngalande, nayenso anakhoza. Ndinali kwawo m'mawa uno." Taimur anavula magalasi, napukuta m'maso. "Nyumba yaikulu, koma mkati mbee! Anandikhazika pamphasa. Pakona pangotsala chizindikiro pamene pankaima firiji. M'khola muli ndowe zokha, njati mulibe. Bambo ake anangoti, 'Zonse zinapita, mwana wanga.'"

"Mhm. Zinapita liti?"

"Anati dzulo."

"Dzina lawo bambowo?"

"Haji Rab Nawaz."

A Khuda Bakhsh anayang'ana firiji ija. Anakumbukira mmene Haji, munthu amene sabwereketsa ngakhale singano, ananyamulira yekha firijiyo n'kuikweza pangolo. Anakumbukira kuti iwo anapempha sofa ndi kapeti basi, koma Haji anawonjezera firijiyo, wailesi, njinga ndi njati, nati, "Musafulumire kubweza, m'bale wanga."

Anadzambatuka.

"Nyamukani pa sofapo!"

"Ndalakwa chiyani, Chacha?"

"Si yanga! Firiji si yanga! Kapeti si yanga!"

"Koma munati ndi yanu."

"Ndinati ili m'nyumba mwanga!"

"Munati ndi ya ku Iran."

"Ine ku Iran ndikudziwa kuti ndi kuti? Ndi za Haji zonsezi! Kapu mwamwerayo ndi ya Haji! Shuga wake ndi wa Haji!"

Taimur anayang'ana kapuyo, naiika pansi mosamala. "Pepani, Chacha. Lamulo lathu likuti ndinene zimene ndaona ndi maso. Kwa Haji sindinaone firiji. Kwa inu ndaiona."

"Nanga siikulira bwanji? Muno muli poikira magetsi pamodzi pokha, pa babu!"

"Munati ikupuma."

"Ndinanama!"

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti panopa simukunama? Anthu ambiri amasauka akamva za fizi."

"Ine? Kusauka lero? Ndakhala wosauka kuyambira inu musanabadwe! Funsani aliyense kumzikiti. M'kamsewu kano mulibe amene angandipose!"

"Kamphindi kapitako munati wosowa ali kuti."

"Ali pano! Mukumuyang'ana! Jambulani!"

"Nkhope si umboni, Chacha."

A Khuda Bakhsh anamugwira mkono mnyamatayo n'kumukokera panja opanda nsapato. Anamasula chingwe cha njati, naiwomba pathako.

"Munthu amanama, ine ndanama, Haji wanama. Iyi siinapite kusukulu. Tiyeni tione kumene imadyera."

Njatiyo sinatembenuke n'komwe. Inatsika kamsewuko mwakachetechete, telala ali pambuyo, Taimur ali pambuyo pa telala foni ili m'mwamba. Anthu anatuluka m'masitolo.

"Zatani, a Khuda Bakhsh?" anafunsa wogulitsa zipatso.

"Ndine mphawi!" anakuwa iwo, chifuwa chili patsogolo ngati munthu amene wawina chisankho. "Uzani bwanayu! Ndine mphawi kapena ayi?"

"Wotheratu," anavomera wa zipatsoyo. "Mango adzulo aja sanalipire."

Njati inawoloka kamlatho ka pangalande, inakankha geti la Haji ndi mphuno, inalunjika m'khola n'kuyamba kudya. Mkazi wa Haji anatuluka akuwomba m'manja. "Rani, njati yanga, wabwera! Bambo a ana, mlendo uja wapita eti? Kaitanitseni firiji, mkaka ukusasa!" Ataona Taimur anatseka pakamwa ndi mpango, nabwerera m'nyumba chafutambuyo.

Taimur anaima pagetipo, nayang'ana pafoni yake. Kenako anayamba kufufuta zithunzi, chimodzichimodzi, akutchula. "Kapeti. Firiji. Njinga. Njati." Anadzutsa mutu. "Ndiye chanu chenicheni n'chiyani, Chacha?"

"Makina osokera, bedi la zingwe, ndi mwana uja wagwetsa poto."

"Potoyo?"

"Wa azakhali ake."

"Ndikanena kuti malo aulere ndi a Shumaila. Koma bwanji simunandiuze poyamba? Mukanamutayitsa sukulu mwanayu chifukwa cha sofa."

A Khuda Bakhsh anakonza kolala, namuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumagalasi mpaka kumasokosi ake afumbi.

"Olakwa ndinu, sahib. Mumangoti tikubwera, osanena kuti mukudzaona chiyani. Ulendo wina muzinena bwinobwino kuti mukufuna umphawi. Ndikanakulandirirani kwa mlamu wanga Karim Dad. Wake ndi wabwino kuposa wanga, denga lomwe alibe."