Makoko Otola Kumapazi

Pamzere wa khofi, pabwalo lowomberapo mfuti ku Idaho, m'dziko la America, Delbert, mkulu wokonda kutola makoko a zipolopolo n'kumawadzazanso onga, ankadandaulira mlendo wina, chala chili m'bandeji.

"Makoko a zipolopolo zopanda mtovuzi ndi usatana, achimwene. Kabowo ka choyatsira onga n'kakang'ono. Limodzi linasakanikira ndi anzake, ine osadziwa n'kukanikizamo choyatsira chachikulu, phuu! Mayi akunyumba andipitikitsira kugalaja ndi makina anga odzazira onga omwe."

"Pepani. Munawatenga kuti?"

"Pompano. Pali chitsiru china chimawamwaza Loweruka lililonse."

"Chimawamwaza, kapena mumachitolera kumapazi chisanamalize n'kuwombera komwe?"

"Chagwa pansi chilibe mwini."

"N'chifukwa chake ndinasintha zipolopolo, bambo. Loweruka mubwerenso, ndagula bokosi lina."