Mmene agogo anu anapulumutsira nkhuku yathu Banki

Chaka chija cha 2008, pamene m'masitolo munkapezeka mashelefu okhaokha ndi mwini sitolo akuyasamula, ife tinali anthu khumi ndi mmodzi m'kanyumba ka zipinda ziwiri pa esiteti ya tiyi kuno ku Honde. Tinali ine, malemu agogo anu NaPhiri, ana athu asanu ndi mmodzi kuyambira woyamba kubadwa Fanuwelo, ana awiri a malemu mng'ono wanga, ndi apongozi anga amene mano analibe koma mbale ankaitsuka ndi chala mpaka kuwala. Inu lero mukukwinya nkhope chifukwa buledi alibe majarini, koma ife buledi tinkangomumva m'Pemphero la Ambuye.

Ine ndinali kalaliki woyeza masamba, munthu wa sekondale ya kwathu ku Mulanje, wovala tayi, koma malipiro anga ukawalandira m'mawa, pofika masana sankagula ngakhale mchere. Amene ankatidyetsa anali thadzi limodzi lofiira. Agogo anu analitcha Banki, chifukwa akuti ndi banki yokhayo m'dziko muno imene inkatulutsa kanthu tsiku ndi tsiku popanda kuima pamzere. Mazira ake ankasinthanitsa ndi kapu ya ufa, kamchere, nthawi zina kabakayawo kochokera ku Mozambiki.

Ufa unkaperewerabe, ndiye tsiku lina agogo anu anatiika pansi nkunena kuti, "Kuyambira lero, Lachiwiri ndi Lachisanu nyumba ino izisala kudya."

Ine ndinati, "Mai Fanuwelo, Mzimu wakuuzani liti zimenezi?"

Iwo anati, "Wandiuza nditasuzumira m'chidebe cha ufa. Mukufuna anthu aziti kwa a kalaliki kuli njala, kapena aziti kuli pemphero?"

Ndinasankha pemphero, ana inu, chifukwa tayi ndi njala siziyenderana. Koma taonani tsoka lake: mbiri inafika kutchalitchi kwathu kuti banja la a kalaliki ndi loyera kuposa onse, ndipo Lamlungu lina a mufundisi, abusa athu, anaimirira nkulengeza kuti alaliki anayi ochokera ku Chipinge adzagona kunyumba kwa abale athu osala kudya, kuti akatenthedwe ndi moto wawo. Mpingo unaomba m'manja, ine ndikumwetulira. Mukudziwa mwambo wake, mlendo wa Mulungu samudyetsa masamba a maungu, amamuphera nkhuku, ndipo nkhuku pakhomo pathu inali imodzi basi.

Anafika Lachitatu masana, tsiku losasala, amuna anayi amapewa ngati onyamula matumba. Wamkulu wawo, a Jairosi, asanakhale nkomwe pampando maso anali kale pa Banki amene ankapalasa pabwalo.

"Baba, Mulungu wakudalitsani ndi ziweto," anatero.

Ine ndinayamba kuyang'ana kumene kunali mpeni. Koma agogo anu anabwera, nkugwada bwinobwino, nkuomba m'manja monga amachitira anthu a kuno, ndipo ndi mawu ofatsa ngati mwana wa kwaya anati, "Atumiki a Mulungu, mwafika nthawi yabwino. Lero m'mawa tayamba kusala kwa masiku atatu, kupempherera dziko. Tinkadandaula kuti atitsogolere ndani."

A Jairosi anati, "Aleluya." Sindinamvepo aleluya wowonda ngati ameneyo. Akanakana bwanji, poti iwo omwe anabwera ndi uthenga wakuti munthu sakhala ndi moyo ndi chakudya chokha? Agogo anu anawapatsa tiyi wopanda shuga, poti tiyi ndiye sankasowa, tinkagona naye, kudzuka naye. Apongozi anga anayamba kung'ung'udza kuti iwo Mzimu sunawauze kanthu, koma mwana wawo anawayang'ana kamodzi kokha, nkhani nkuthera pomwepo.

M'mawa mwake tinapemphera mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndinanamizira kupita kuchimbudzi, nkutsetserekera kumunsi kumene kunali nthochi zathu, poti ndinali nditabisa mkoko umodzi m'masamba kuti upse. Ndikufika, ndinapeza munthu wagwada kale pamenepo, makoko ali mbwee.

Ndinati, "A Jairosi, mukupemphera?"

Iwo, masaya ali tuu, anati, "Baba, ndikuyamika chilengedwe. Nanga inu?"

"Inenso ndabwera kudzayamika."

Tinayamika limodzi mpaka mkoko kutha, osayang'anana. Pobwerera iwo anadzera njira ina, ine ina, ndipo pasanathe ola anasonkhanitsa anzawo nkulengeza kuti Mzimu ukuwaitanira msanga ku Mandeya, kumene kuli nkhosa zosochera. Ndikhulupirira kuti kunalinso mbuzi. Tinawaperekeza mpaka pamsewu, Banki akutitsatira pambuyo ngati akudziwa.

Ndinabwerera ndikuseka, ndikufuna kuwafotokozera agogo anu za mkoko uja, koma ndinawapeza atatsamira khoma la khitchini, milomo itauma, ndipo atati aimirire anagwera m'manja mwanga. Apa ndi pamene ndinadziwa zonse. Agogo anu ankamwetsa ana ndi apongozi phala mobisa kwa aneba, masiku onse osala aja kuyambira pachiyambi. Ine ndinali ndi nthochi zanga. Wosala zenizeni m'nyumba yonse yoyera ija anali mmodzi yekha.

Ndinati, "Mai Fanuwelo, bodza munalipeka nokha, ndiye mukulikhulupiriranso nokha?"

Iwo anati, "Ndinatchula dzina la Mulungu, bambo. Pafunika munthu mmodzi woti akafunsidwa kumwamba anene kuti zinali zoona."

Tsiku limenelo ndinavula tayi, nkutenga mazira awiri amene ankayembekezera kukasinthanitsa ndi ufa, nkuwaphika ndekha. Anakalipa kuti ndikuwononga chuma, anayesa kuitana ana kuti agawane, koma ndinaima pakhomo ngati mlonda wa fakitale mpaka anamaliza onse awiri. Pazaka zonse za ukwati wathu, ndi mlandu umodzi wokhawo umene ndinapambana.

Banki anatidyetsa mpaka chimanga chinacha, ndipo anafa ndi ukalamba, mpeni osaulawa. Agogo anu anatsogola, andisiya kuno kutali ndi Mulanje, ndipo ndikhulupirira kuti nkhani ya masiku atatu aja anaikamba kale kumeneko, mwinanso anawaseketsa. Dzina langa ndi la a Jairosi ndiye sindikudziwa kuti analitchula bwanji.

Tsono inu adzukulu, idyani buledi wanuyo, majarini adzabwera. Koma mayi wanu akamagawa chakudya nkunena kuti iye wadya kale, musathamangire kusamba m'manja. Yambani mwapita kukhitchini, mukaone ngati mbale yake ili yonyowa.