A Nachum Brodkin ndi Mpando wa Bambo Awo

Malemu a Nachum Brodkin anabadwa pa 9 Malichi 1941 muno mu Glace Bay. Anali mwana woyamba wa a Zalman, osoka nsapato, ndi mayi Feige. Ndikuyankhula ine msuweni wawo chifukwa mwana woti aime pano palibe.

Sukulu anaphunzira konkuno, ndipo mutu unali wakuthwa ndithu. Mu 1960 anapeza malo ku koleji ku Halifax, koma chaka chomwecho mayi awo anatisiya, bambo awo n'kufa ziwalo mbali imodzi. Malemu anamasula katundu amene anali atamanga kale, nalowa m'shopu ya nsapato ya bambo awo.

Mu 1966 anatomera mayi Dvora. Nthawiyo migodi ya malasha inkatsekedwa, Ayuda anzathu akusamukira ku Montreal banja ndi banja. A Zalman anakanitsitsa kusiya manda a akazi awo, ndipo malemu sakanatsutsa kholo. A Dvora anadikira zaka zitatu, kenako nawonso anakwera sitima. Za ukwati zinathera pomwepo.

Tisanamizane pamaliro, a Zalman anali ovuta. Ankakankha mbale, n'kumauza alendo kuti mwana akuwagoneka ndi njala. Malemu ankangotola mbaleyo n'kunena kuti, "Ndamva, bambo." Lamulo lathu limati mwana asakhale pampando wa bambo ake, koma iwo anapyola muyeso. A Zalman atamwalira mu 1988, mpandowo unakhalabe wopanda munthu pafupi ndi zenera. Tinkawaseka kuti, "Iwe Nachum, ukuusungira Mesiya kodi?" Iwo amvekere, "Nayenso akapemphe kaye kwa bambo."

Tsiku loika a Zalman, malemu anang'amba malaya awo kumanzere, pamtima, mbali imene timang'amba polira kholo lokha. Pemphero la Kadishi, limene timanenera akufa, limafuna amuna khumi, ndipo kuno tinali titachepa. Choncho kwa miyezi khumi ndi umodzi ankakwera basi kupita ku tauni yapafupi ya Sydney kukapempherera bambo awo, kuzizire kusazizire.

Mtima unayamba kuwavuta mu 2019. Adokotala anawauza kuti azigona chokhala, popeza ankabanika akagona chagada. M'nyumba monse mpando wotsamira unali umodzi wokha, wa bambo awo uja. Iwo anasankha kampando kouma ka kukhitchini, ndipo ndi pamene aneba anawapeza Lachiwiri m'mawa, atatisiya ali okha.

Asiya mlongo mmodzi, mayi Baila, amene ang'amba chovala kumanja, monga ayenera mlongo. Kumanzere lero palibe wong'amba. Amene adzawanenere Kadishi mawa sitikumudziwa, ndipo zimenezi zikutiwawa kwambiri.

Tikuthokoza osambitsa maliro ochokera ku Halifax, aneba amene ankawagogodera, ndi inu abambo amene mwabwera kudzakwaniritsa khumi ngakhale malemu simunawadziwe.

Usani mumtendere, a Nachum. Kumene mwapitako, tikupempha kuti a Zalman akuuzeni ndi pakamwa pawo kuti, "Khala pansi, mwana wanga."