Dothi la Mitengo ku Kasanda

Pa siteji ya minibasi ku Kasanda, mayi wobereka mwana anakhala pafupi ndi mdala wina. Patsogolo pawo panadutsa lole yodzaza mbande.

"Awo ayambanso," anatero mdalayo. "Ati mitengo iyi izimwa utsi wa mafakitale a kunja. Osuta ndi ena, otsokomola ndife."

"Kwathu anabzala chaka chatha, atate," anayankha mayiyo. "Ina inafa."

"Simunkathirira, amai?"

"Ndinkathirira. Koma mukudziwa kuti dothi lathu lili ndi mtovu wa ku mgodi, poizoni wolowa m'magazi a ana. Ndiye pa dzenje lililonse anathira dothi lakuda la ku mafamu, ati mbande zisafe. Ine ndinapempha wilibala imodzi chabe, ndiyale pakhomo pamene ankakwawa uyu. Ati dothi ndi la mitengo."

"Ha! Mtengo uli ndi abale kunja, mwana alibe."

"Ndiye ndinafukula m'maenje asanu, n'kuyala pakhomo."

"Munachita bwino, mwana wanga."

"Bwino chani? Eni mitengo atabwera kudzajambula zithunzi anapeza isanuyo yauma. Ati ndaononga pulojekiti. Anandichotsa ntchito yothirira."

"Nanga magazi a mwana?"

"Tikupita kuchipatala manje, kukayezetsanso. Mwezi watha anati mtovu wakwera. Mphepo ya Ogasiti inaulutsa dothi labwino lonse, fumbi lakale linabwerera. Kudya akukana, thupi silikuwonjezeka."

"Mayo ine! Mitengo imene simunaikhudze ija?"

"Iyo ikukula bwino, atate. Yamupitirira kale msinkhu."