Mlongo wa pa Mzere wa 17

Abale, anansi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzakhale nafe, bambo athu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Juni 1950, m'banja la ana awiri. Woyamba anali mtsikana, wosiyana nawo zaka zinayi. Bambo awo anali mlonda wa pasiteshoni ya sitima, ndipo banjalo linkakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa njanji. Mayi awo anamwalira mu 1954, bambo awo nawonso patangotha chaka. Popeza panalibe wachibale amene anabwera kudzawatenga, ana awiriwo anakawasiya kunyumba yolerera ana amasiye.

Kumeneko anyamata ankagona mbali ina, atsikana mbali ina, pakati pali mpanda wa waya. Malemu ankanena kuti zambiri za masiku amenewo anaziiwala, kupatula dzanja la alongo awo likudutsa pawayapo m'mawa uliwonse ndi theka la buledi. Mu 1957 anyamata onse anawasamutsira kunyumba ina yakutali. Lole inanyamuka atsikana ali m'kalasi, ndipo awiriwo sanatsanzikane. Kuyambira tsiku limenelo, kulikonse kumene malemu anapita, ankayenda ndi funso limodzi mumtima, lakuti alongo awo ali kuti.

Sukulu anayamba mu 1958 ndipo anamaliza sekondale mu 1969. Masamu ankawavuta, iwo eni sankabisa, koma zolemba zawo zinali zokongola moti aphunzitsi ankawatuma kulemba mayina m'kaundula wa kalasi. Luso limenelo ndi limene linawapezetsa ntchito. Mu Januwale 1970 analembedwa ukalaliki muofesi yolembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira. Anawapatsa tebulo m'chipinda chapansi cha zenera limodzi, pakati pa makabati achitsulo, ndi rula yamatabwa imene anaigwiritsa ntchito mpaka manambala ake anafufutika. Anagwira pamenepo zaka makumi anayi, n'kukwera mpaka kukhala woyang'anira zolembedwa zonse. N'chifukwa chake ambiri mwa inu simudziwa n'komwe dzina lawo lenileni, mumangoti a Kalembera.

Pa 23 Ogasiti 1975 anamanga banja ndi mayi athu, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa pulayimale. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mayi ankakonda kuseka kuti anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi kabati ya mafayilo, chifukwa ngakhale patebulo la chakudya bambo ankafunsa mlendo tsiku limene anabadwa asanamufunse ngati wayenda bwino.

Mu Meyi 1978 malemu anatenga tchuthi cha sabata imodzi kuti akafunefune alongo awo. Nyumba ya ana amasiye ija anaipeza itatsekedwa kalekale, koma mabuku ake anali atasungidwa m'chipinda chosungiramo zakale cha ofesi ina. Kaundula wa atsikana anali buku lalikulu lolembedwa modutsa masamba awiri: kumanzere dzina la mwana ndi tsiku lofika, kumanja zimene zinamuchitikira. Dzina la alongo awo analipeza pamzere wa 17. Anagoneka rula, n'kuitsata ndi chala mpaka tsamba lakumanja, ndipo liwu loyamba limene anakumana nalo linali lakuti anamwalira. Sanawerengenso china. Anatseka bukulo, n'kukwera basi yobwerera. Mayi akuti anakhala masiku awiri osalawa kanthu, kenako anavala tayi n'kupita kuntchito, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso kwa zaka zambiri.

Anapuma pantchito mu 2010. Kukhala chabe kunawakanika. Mu 2012 anatulutsa galimoto yakufa m'galaja, n'kuikamo mabenchi awiri ndi bolodi, ndipo Loweruka lililonse m'mawa anayamba kuphunzitsa adzukulu awo mmene munthu amafufuzira mbiri ya banja lake. Posakhalitsa ana a anansi analowererapo. Ankawauza kuti ayambe ndi wamkulu kwambiri pabanja, chifukwa pepala limadikira koma munthu sadikira. Ankawaletsa kudula mawu agogo ngakhale nkhani italowera kwina. Chithunzi chilichonse achilembe kumbuyo mwini wake akadali moyo. Pepala limodzi si umboni, pafunika lachiwiri kapena munthu woona ndi maso. Ndipo buku lakale asanaliwerenge, ayambe awerenga mizere ya tsamba lililonse kuti aone ngati yakwana. Wina akabwera ndi nkhani yakuti agogo ake anali munthu wotchuka, malemu ankavula magalasi n'kumufunsa mwaulemu ngati anamva kwa agogowo kapena kwa mtima wake. Achinyamata oposa makumi asanu ndi limodzi anadutsa m'galaja muja. Ena anapeza manda amene makolo awo ankawasowa, ena anapeza azakhali amene sankadziwa kuti alipo.

Koma za banja lawo malemu sankalola kuti zifufuzidwe. Ana akawakakamiza kuti ajambule mtengo wa banja lawo pabolodi, ankajambula chitsa, n'kunena moseka kuti umenewo ndiwo wawo, asataye choko.

Mu Seputembala 2023 anayamba kudandaula kutupa kwa miyendo ndi kubanika. Kuchipatala anapeza kuti mtima wawo wafooka, ndipo madokotala anatiuza mosabisa kuti masiku atsala ochepa. Apa m'pamene mdzukulu wawo wamkulu, mtsikana amene anayamba nawo m'galaja ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anaganiza zophwanya lamulo la agogo ake. Sankayembekeza kupeza munthu wamoyo. Ankangofuna kudziwa pamene pali manda a alongo awo, kuti agogo ake amve asanatsikire kulichete. Pa 14 Novembala anapita ndi anzake awiri a m'galaja kukapempha kaundula uja.

Anachita monga anaphunzitsidwira. Anawerenga mizere ya kumanzere, inakwana 30. Ya kumanja inali 29. Atayang'anitsitsa anaona kuti kumutu kwa tsamba lakumanja kunadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo amene anakonza bukulo anadula podyekapo, n'kumata tsambalo litakwera mzere umodzi. Mawu akuti anamwalira anali a mwana wa pamzere wa 18, ndipo kumapeto kwa mzere womwewo kunalembedwa kuti mwanayo anali wa zaka ziwiri. Alongo a malemu panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mawu onena za iwo anali pamwamba pake, akuti anatengedwa ndi banja la telala mu 1958.

Tinakangana pabanja ngati n'koyenera kuuza munthu wa mtima wofooka nkhani yotere. Mayi ndi amene anadula nkhani. Anati akhala ndi mwamuna wolira chamumtima zaka zonsezi, ndipo sangamubisire. Malemu atamva, anafunsa kuti umboni ulipo ungati. Atamva kuti ndi pepala limodzi, anauza anawo kuti apite akapeze wachiwiri. Kenako anatembenukira kukhoma n'kulira. Mawa lake anauza mayi kuti iwo amene aphunzitsa ana a eni kusakhulupirira pepala limodzi, anakwirira mlongo wawo wamoyo ndi liwu limodzi, zaka makumi anayi ndi zisanu. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti akanangosuntha chala pang'ono, akanaona zaka za mwanayo.

Kuyambira pamenepo galaja yonse inalowa pantchito. Anafunsa okalamba a m'dera limene munali nyumba ija mpaka anapeza gogo wina wa zaka zoposa 90 amene ankachapa zovala kumeneko. Gogoyo anakumbukira telalayo, bambo wamtali wotsimphina, ndipo anati anasamukira kumzinda wina wakutali. Anawo anagawana misika ya mumzindawo, n'kumayenda shopu ndi shopu m'mizere ya osoka zovala, akufunsa funso lomwelo. Ena ankawaseka, ena ankawaona ngati akuba. Disembala anatha, Januwale n'kuthanso. Malemu anagonekedwa m'chipatala pa 29 Januwale 2024, ndipo aliyense wolowa m'wodi ankamuyang'ana m'manja asanamuyang'ane kumaso. Anamwino akabwera ndi mankhwala ankamwa mosanyinyirika, amvekere ali ndi mlendo amene akumudikira.

Pa 11 Febuluwale, telala wina wachikulire anazindikira nkhaniyo. Anali mwana wa telala wotsimphina uja, ndipo mtsikana amene makolo ake anamutenga anakula naye ngati mlongo wake. Anati mayiwo ali moyo, ali ndi zaka 77, amakhala kwa mwana wawo wamkazi ulendo wa masiku awiri kuchokera kuno. Dzina lawo linasintha kawiri, kwa telala ndi kubanja, n'chifukwa chake silinkapezeka paliponse. Nawonso anafunafuna mlongo wawo, koma anauzidwa kuti mabuku a anyamata anatayika.

Pa 13 Febuluwale masana tinawalumikiza pafoni. Malemu, ngakhale mpweya unkawathera, anayamba ndi mafunso a ntchito yawo. Anafunsa dzina la mayi awo, anafunsa ntchito ya bambo awo, ndipo zonse zinayankhidwa molondola. Atafuna kufunsa lachitatu, alongo awowo anawadula, n'kuwaitana kuti Kachiwala, dzina limene palibe mmodzi wa ife analimvapo, n'kuwafunsa ngati akadali wovuta chomwechi. Bambo athu, munthu wa tayi ndi ulemu wake, anaseka ngati mwana mpaka anamwino anabwera kudzaona. Alongo awo anawakalipira kuti anachoka osatsanzika, n'kuwalamula kuti asayerekeze kuchitanso zimenezo, adikire pomwepo akubwera. Malemu analonjeza. Anayankhulana mphindi khumi ndi zinayi.

Alongo awowo ananyamuka pa 15 Febuluwale m'mawa, ngakhale mawondo amawavuta. Pa 16 malemu anadzuka bwinoko, anapempha kuti awamete ndevu ndi kuwabweretsera malaya oyera. Ankafunsa nthawi pafupipafupi. Cha m'ma 2 koloko masana anayamba kubanika, ndipo madokotala anayesetsa mmene akanathera. Bambo athu anatisiya nthawi itangokwana 3 koloko, mayi atawagwira dzanja. Basi ya alongo awo inalowa m'depoti 6 koloko.

Mawa lake tinaperekeza alongo awo kukaona thupi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhope, kenako anatiuza chapansipansi kuti bambo okalambawa sakuwadziwa, iwo anasiya mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anapempha kuti tivundukule phazi lakumanzere. Pachidendene panali chipsera chimene malemu anachitenga ali wamng'ono ataponda botolo losweka m'mbali mwa njanji, ndipo amene anamanga balalo ndi nsalu ya diresi yawo anali iwowo. Atachiona anagwira phazilo ndi manja awiri, ndipo m'pamene analira.

Malemu amwalira ali ndi zaka 73. Asiya mayi athu, ana anayi, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi chidzukulu chimodzi. Asiyanso mlongo mmodzi, pamodzi ndi ana ake asanu amene amalume awo sanawaonepo, ndipo atatu mwa iwo ali pakati pathu.

M'malo mwa banja, tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mosatopa, anzawo a kuofesi amene abwera mwaunyinji, ndi anansi amene simunatisiye tokha chiyambire matendawa. Tikuthokoza gogo wochapa zovala uja, amene sanathe kufika chifukwa cha ukalamba, ndi atelala amene anaimitsa makina awo kuti amvetsere ana osawadziwa. Kwa inu achinyamata a m'galaja, tamva kuti ena mukudziimba mlandu kuti munachedwa. Mayi atituma kuti tikuuzeni pamaso pa anthu onsewa kuti musatero. Bambo anapita akudziwa kuti mlongo wawo ali moyo, ndipo anamva mawu ake ndi makutu awo.

Bambo, munayesetsa kudikira, tonse tinaona. Alongo anu afika, akhala pompano kumutu kwanu. Usani mumtendere.