Tsitsi langa m'pepala la shuga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, ndi inunso amene munayamba kale kusankha nyimbo ya pamaliro anga. Ndikadalipo, kuno kwa Kabudula. Chaka chatha anandipeza ndi khansa ya m'thumba la mazira. Mimba inatupa moti polowa m'tchalitchi iyo inkakhala itafika kale pabenchi, ine ndikadali pakhomo kupereka moni. Sindikuwonjezera, kafunseni akulu ampingo.

Kuchipatala chachikulu mumzinda anandiika pa mankhwala a m'dripi aja amati kemo, maulendo asanu ndi umodzi. Adokotala, mayi wodekha bwino, anandifotokozera kuti maselo a khansa sakhala duu. Mankhwala akalowa, iwo amatumiza timauthenga kwa maselo abwinobwino oyandikana nawo, kuwanyengerera kuti awabise ndi kuwadyetsa, ndipo ena amalola. N'chifukwa chake, anatero, ndisadumphe ulendo ngakhale umodzi.

Pa zonsezo ine ndinatolapo chimodzi: wokupha ndi woyandikana naye.

Tsono woyandikana nane ndi a Nachisale. Ndikangotulukira pamjigo, manong'onong'o a iwo ndi amayi anzawo ankaduka ngati wailesi yatha mabatire. Utadutsa ulendo wachiwiri tsitsi linayamba kuyoyoka, mutu kutsala mbee. Pamsewu wa ku Nsaru anthu ankandiimitsa, "Pepani mayi, mwameta maliro a ndani?" Ndinkayankha kuti anga omwe, ndangofulumirako. Ndiye m'mawa wina ndikusuzumira pawindo, ndinaona a Nachisale akusesa pakhomo panga, atawerama, akutola tsitsi langa limodzilimodzi n'kumalikulunga m'pepala.

Inu akuno mukudziwa kuti tsitsi la munthu limakagwira ntchito yanji. Zaka makumi atatu za m'kwaya zinandithawa tsiku lomwelo. Phala limene ankandibweretsera ndinkayamba ndapatsa nkhuku, n'kuiyang'anira mpaka masana. Nkhukuyo inanenepa mpaka tinkachita kuinyamula anthu awiri pokaigoneka, Mulungu ndi mboni. Ine ndikungouma. Litafika tsiku la ulendo wachinayi ndinati sindipita. Dripi ithandizanji tsitsi langa lili kale kwa sing'anga? Ndinakoka mpando n'kukhala pakhomo kulondera nyumba, ndipo ndinapemphera pemphero losakoma: "Ambuye, muululeni mdani wanga lero lomwe."

Ameni asanazizire, anatulukira a Nachisale, chikwama chapaulendo pamutu.

"Anaphiri, mukadali chikhalire? Minibasi itisiya."

"Yambani mwanena komwe mwapititsa tsitsi langa."

Anatula chikwama, kupisamo dzanja, n'kundiponyera pamiyendo pepala la shuga lomanga ndi luzi.

"Werengani, lonse lilimo. Ndimakudziwani inu. Mphepo ikanangouluza limodzi mukanati mudzi wonse wakulodzani. Dzukani, sabata ino wokudwazikani ndine."

Kani manong'onong'o a pamjigo aja ankagawana masabata ondiperekeza kuchipatala ndi masiku okumba mtedza wanga. Pemphero langa linayankhidwa ndithu. Mdani amene akanandilekanitsa ndi mankhwala anaululikadi, ndipo anali atakhala pampando wanga, atavala duku langa.

Ndinamaliza maulendo onse, anandichitanso opaleshoni ndipo inayenda bwino, pano ndimangopita kukapimidwa. Adokotala akuti tizikhalabe tcheru, ndipo poti kukayikira ndi mphatso yanga, ntchito imeneyo ndikuigwira mokhulupirika, koma tsopano ndimakayikira m'mimba mwanga, osati kuseri kwa mpanda. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiikira a Nachisale kumeneko, munthu wosatopa ndi mwano wanga. Inu amene muli pa dripi, limbikani, musadumphe ulendo ngakhale thupi likane. Maselo azinong'onezana m'katimo, kunja kunonso alipo akunong'onezana za inu, ndipo mwina akugawana mizere ya m'munda mwanu.

Pepala lija ndikulisungabe m'sutikesi. Ndinawerenga. Linakwanadi.