Chotsamira Chimene Chinadikira Pakhoma

Malemu amene tasonkhanira pano anabadwa pa 14 Malichi 1953, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaimirirane ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi ofedwa amene akhala pafupi ndi bokosiwo. Ambiri a inu munkawadziwa malemuwa ndi dzina loti a Tsamirani. Nanenso ndiwatchula choncho, poti ndilo dzina limene ankacheuka nalo msanga.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1960, ndipo mu 1968 anapita ku sekondale. M'kalasi anali apakatikati, sindinganame pamaso pa bokosi. Koma desiki ikathyoka mwendo, aphunzitsi ankadziwa woti amuitane. Mu 1972 analowa sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo mu 1975 analembedwa ntchito pa kampani ina yopanga mipando ya mabasi. Kumeneko anaphunzira kuti msana wa munthu ndi wokhota, sufanana ndi thabwa.

Pa 9 Sepitembala 1978 anamanga banja ndi alongo angawa, amene panthawiyo anali telala pakhonde la sitolo ina. Ife tinawachenjeza kuti mwamuna wowotcherera amabwera kunyumba malaya ali mabowo okhaokha, maso ali psuu. Iwo anangoseka n'kutiyankha kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Mu 1981 malemu anagula chinjinga chamoto chakufa, cha mtundu uja wautali, wotsika mpando, wa mahandulo otambalala, umene woyendetsa amakhala ngati ali pasofa, miyendo atatambasulira kutsogolo. Anachikonza mpaka chinalira. Koma kampando kakumbuyo kanali kakang'ono, koterera, kopanda pogwira ndi potsamira pomwe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 3 Epulo 1982 malemu ananyamula akazi awo kuchokera kokagula nsalu, mayi atakumbatira mtolo ndi manja onse awiri. Atafika pamphambano, anaona anzawo akuntchito ataima m'mbali mwa msewu. Chinyamata chinawakwera m'mutu, ndipo anapana moto kuti awaonetse. Njinga inalumphira kutsogolo, mayi n'kugwa chagada pamsewu, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anagona m'chipatala miyezi yambiri, ndipo kutsimphina mumawaona nakoku kunayambira pamenepo.

Ine ndinapsa mtima kwambiri, moti ndinapita kukawatenga alongo anga kuti banja lithe. Anandibweza ndi mawu awiri okha. Alongo angawo anawakhululukira amuna awo zonse, koma analumbira chinthu chimodzi, kuti sadzakhalanso kumbuyo kwa bamboyu panjinga yamoto. Amene mumawadziwa mayiwa mukudziwa kuti akati ayi, ndi ayi.

Lumbiro limeneli linawalasa malemu mumtima. Kukhululukidwa ndi pakamwa anakulandira, koma sikunawakwanire. Chimene ankalakalaka moyo wawo wonse n'choti mkazi amene anamugwetsa adzawakhulupirirenso, adzakhalenso kumbuyo kwawo tsiku limodzi lokha. Zonse zimene ndikambe kutsogoloku zinachokera pamenepa.

Chaka chomwecho anatola mapaipi otsala a mipando ya mabasi, n'kuwapinda, n'kuwamanga ndi mabawuti uku ndi uku kwa tayala lakumbuyo. Chinatuluka chotsamira chokwera ngati cha mpando wa m'nyumba. Kuseri kwake anawotchererako kaliyala, poti ankati manja a munthu wokwera kumbuyo si onyamulira katundu. Mayi anachiyang'ana, nati chapangidwa bwino, ndipo anachisokera okha khushoni ya siponji ndi chikopa. Koma kukwera sanakwere.

Malemu anayenda nacho chopanda munthu. Eni njinga zikuluzikulu anayamba kuwaimitsa pamsewu, kufunsa kumene anachigula. Iwo anawapangira zawo, ndipo choyambacho anachimasula n'kuchikoleka pakhoma, ati chili ndi mwini wake.

Mu Januwale 1986 anasiya ntchito n'kutsegula shopu yawoyawo, chipinda chimodzi cha malata. Pakhomo panali benchi ndi makina owotcherera, pakona ya kuwindo panali makina osokera a mayi. Bambo amapinda zitsulo, mayi amasoka makhushoni, ana n'kukulira pakati pa phokosolo.

Shopuyo inali ndi lamulo limodzi limene ambiri munakangana nalo. Malemu sankayamba ndi kuyeza njinga. Ankati kaye bwerani naye munthu amene azikhala kumbuyo. Zotsamira za m'makatoni, zogula m'sitolo, sankazinyoza ayi, ankangoti zimakwana njinga koma sizidziwa msana wa akazi anu. Wokwerayo ankamukhazika panjinga, n'kuika kathabwa kumsana kwake, n'kumuuza kuti atsamire, atsamirebe, asaope. Dzina lija linabadwira pamenepo. Wamfupi ankamutsitsira, wa msana wopweteka ankamupendeketsera pang'ono, mwana wasukulu ankamuwonjezera zotchinga m'mbali.

Pali abambo ena amene anabwera kudzayezetsa mayi wina mu Januwale, n'kubweranso ndi wina mu Juni. Malemu ankangovula magalasi owotcherera, n'kuwauza mwaulemu kuti chotsamira chimodzi n'cha msana umodzi. Maina sinditchula, koma ali pompano, avala majekete achikopa, ndipo ena akuyang'ana pansi.

Kaliyala aliyense asanatuluke pakhomo, malemu ankakwerapo okha ndi mapazi onse awiri n'kudumphapo. Kaliyalayo akalira pang'ono, ankamudula n'kuyambiranso, ngakhale mwini wake akhale kuti wavala kale chipewa. Ankakalipa akaona munthu wamanga chikwama cholemera pamwamba pa chotsamira m'malo mwa pakaliyala, ndipo kukalipa kwawo kunkamveka mpaka kutsidya kwa msewu.

Nanga chapakhoma chija? Zaka zikupita, ana akubadwa, thupi la mayi linkasintha monga mmene amasinthira matupi a anthu osungidwa bwino. Malemu ankawayeza ndi maso mobisa ali pamakina, n'kuchitsitsa chotsamiracho, n'kuchipindanso kuti chiwakwane. Ankaganiza kuti mayi sakudziwa. Akanalephera bwanji kudziwa, popeza ulendo uliwonse khushoni yatsopano ankasoka ndi iwo omwe? Akatha, chinthucho chinkabwerera pamsomali wake. Ine ndinawauzapo kangapo kuti alamu, zisiyeni izi, mukudzivutitsa. Ankangondiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 2005 mwana wawo woyamba, wamkazi, anatenga chipewa chowotcherera cha bambo ake n'kuyamba kugwira nawo ntchito. Malemu sankayamikira anthu pamaso, koma kuseri ankatiuza kuti mzere wa mwanayu ndi wosalala kuposa wawo.

Mu 2022 anayamba kudwala mtima. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathera akangoyenda pang'ono. Mu Febuluwale 2024 adokotala anawauza kuti nthawi yosiya njinga yakwana. Atabwerera kushopu, anauza mwana wawo kuti akankhire njingayo kuseri n'kuifunditsa lona. Kenako analoza pakhoma, nati chotsamiracho achitsitse, akapatse aliyense amene angachifune. Aka kanali koyamba kuti malemu ataye mtima.

Makina osokera anaima. Mayi ananyamuka pakona yawo, natsimphina mpaka pakati pa shopu, n'kuchilanda chotsamiracho m'manja mwa mwana. Anamufunsa kuti katundu wa eni ake amagawa bwanji mwini wake ali pomwepo. Kenako anamulamula kuti atenge sipanala achimange panjinga.

Lamulungu lotsatira, m'mawa, mayi anatuluka m'nyumba atavala chipewa cha panjinga cha mwana wawo, chikuwakulira. Malemu analiza njinga. Anakwera onse awiri n'kulowa kamsewu kakuseri kwa shopu, kopanda magalimoto, pang'onopang'ono moti wanjinga yakapalasa anawapitirira. Mwana wawo ankatsatira pambuyo panjinga ina. Iyeyo ndiye anationera zimene zinachitika. Poyamba mayi anagwira jekete la amuna awo zolimba ngati afuna kuling'amba. Atayenda kamtunda, anamasula dzanja limodzi, kenako linalo. Anaika manja pamiyendo, n'kutsamira.

Atabwerera pakhomo, malemu sanatsike msanga. Anagoneka mutu pamahandulo n'kulira ngati mwana, bambo wa imvi zake. Mayi anatsika, nakonza chovala chawo, nadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti khushoniyo ndi yolimba. Mwana atawakumbutsa kuti anasoka ndi iwo omwe, nyumba yonse inafa ndi phwete, ndi olira omwe. Malemu anadikira ulendo umenewu zaka zoposa makumi anayi.

Njinga sanayendetsenso, ndipo sanaidandaule. Masiku otsalawo ankakhala pampando pakhomo pa shopu, kumwetulira aliyense wodutsa ndi kupezera zifukwa ntchito ya mwana wawo, kuti asaiwale kuti bambo alipo. Ife amene tinawadziwa kuyambira unyamata sitinawaonepo ali osangalala chotere. Matenda anakula mu Meyi chaka chino, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Anatisiya pa 11 Juni 2025, akazi awo atawagwira dzanja.

Malemu asiya mayi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mchemwali wawo mmodzi. Asiyanso shopu m'manja mwa mwana wawo woyamba, amene wandituma kuti ndinene kuti chitseko chitsegulidwa tikangopukuta misozi, ndipo lamulo lija silinasinthe, muzibwera naye wokhala kumbuyo.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mosatopa, akumpingo, anansi amene simunatisiye tokha, ndi inu eni njinga amene mwandanda kunjaku. Ndaziyendera njinga zanuzo m'mawa uno, ndipo pafupifupi iliyonse ili ndi dzanja la malemu kumbuyo kwake. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Chomaliza ndi uthenga wa mayi ofedwa. Akuti galimoto imene mwawakonzera aikana. Popita kumanda akwera njinga ya amuna awo, woyendetsa ndi mwana wawo, ndipo atsogola ndi iwo. Chotsamira chija sichibwereranso pakhoma. Pempho lawo kwa inu a majekete achikopa ndi limodzi, wina asapane moto, tiyende pang'onopang'ono monga anayendera iwo tsiku lija.

Alamu anga, a Tsamirani, mwagwira misana ya anthu ambiri, ndipo umene munkaudikira uja munaulandira muli moyo. Ntchito mwaimaliza. Pitani mukapume, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.